Wodwala wa Lachinayi

Mirriam anayamba ntchito yodwala chaka chomwe mwana wake Pemphani anapita ku Joni. Inali ntchito yeniyeni, ya Lachinayi lililonse m'mawa, pasukulu ina yophunzitsa madokotala cha kutauni. Ankadzuka ku Chinsapo ali bwinobwino, kukwera minibasi, kukagona pabedi kuseri kwa katani yobiriwira, ndipo ana asukulu ovala majasi oyera ankalowa mmodzimmodzi kudzamufunsa pamene pakupweteka. Belu likalira, uyu ankatuluka, wina n'kulowa. Dzuwa likafika paliwombo ankadzuka n'kubwerera kwawo atachira.

A kusukuluyo anamupeza kutchalitchi, kumene ankatsogolera gulu la zisudzo. Nyengo ya Pasaka iye ndiye ankakhala Mariya pansi pa mtanda, ndipo ankalira mpaka azibambo a kumabenchi akumbuyo ankayamba kuyang'ana kudenga. Odwala anzake pasukulupo anali anthu otoledwa chimodzimodzi. Panali mayi wina wogulitsa kaunjika ku Biwi amene ankadwala shuga, mphunzitsi wopuma wa ku Area 23 amene ankakhosomola chifuwa chachikulu, ndi Latif, telala wa ku Mchesi, amene sabata iliyonse ankafa ziwalo mbali ya kumanzere. Latif ndiye anawapatsa dzina loti odwala aganyu.

Wowayang'anira anali Bambo Peterson, namwino wakale wa imvi m'mbali, munthu wosaseka pachabe. Malamulo awo anali ochepa. Wodwala asathandize mwana wasukulu, ayankhe chokhacho chimene wafunsidwa. Ndipo pasapezeke wopita kwawo asanavule.

Kuvula kunkachitika kuseri kwa makalasi, pampopi wa pansi pa mtengo wa mango. Belu lomaliza likalira, onse ankaima mozungulira mpopiwo. Aliyense ankasamba kumaso n'kutchula dzina lake mokweza: "Ndine Latif wa ku Mchesi, sindikudwala." Enawo ankamuyang'ana m'maso n'kuyankha pamodzi: "Takuonani, Latif." Bambo Peterson ankati anayambitsa zimenezi chifukwa cha mkulu wina amene ankasewera munthu wovutika maganizo, n'kupita nazo kunyumba mpaka kusiya kulankhula ndi mkazi wake. Latif ankati uko n'kuchulutsa mawu chabe. Zinali ngati madzi aja amasamba m'manja anthu akamachokera kumanda, basi.

"Ndipo musaone ngati ndikuseka," ankatero. "Wanga kunyumba salola kuti ndilowe ndi malaya a sitiroko. Amagona panja, pamsomali."

Matenda amene anamugawira Mirriam anali a chiwindi. Masabata oyamba anawasewera mmene ankadziwira: kudzipinda, kubuula, kuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Ana asukulu ankaluma milomo kuti asaseke. Tsiku lina Bambo Peterson anamuitanira pambali.

"Mayi Mirriam, kuno si ku Gologota."

"Ndalakwa pati, abambo?"

"Munthu amene chiwindi chikumudya sakuwa. Mphamvu zokuwira azitenga kuti? Amabisa. Amaseka. Mukawazoloweza chonchi anawa, akadzafika kuwodi adzathamangira wokuwa, wongokhala chete adzamupitirira. Kayang'aneni wodwala weniweni mmene amachitira. Zikakanika, ndipeza wina."

Sanafunike kupita kutali. Pa poloti pomwe ankachita lendi, khomo lake linkayang'anizana ndi la amayi Veronica, amene aliyense ankawatchula kuti Amake Chisankho. Anali mayi wa ku Ntchisi, wamkulupo pang'ono kwa Mirriam, wokazinga zitumbuwa. Mwamuna wa Mirriam atamwalira, anthu a pamaliro atabalalika, ndi iwowa amene ankabwera ndi mphasa yawo kudzagona naye m'nyumba mpaka mantha atatha. Kuyambira nyengo yozizira anali akuonda. Kuchipatala chaching'ono anawauza kuti mwina ndi zilonda za m'mimba, adzabwerenso zikapitirira. Iwo sanabwerereko, poti mwana wawo Chisankho anali pafupi kukwatiwa ndipo nthawi yoima pamzere analibe.

Mirriam anayamba kuwayang'ana. Ankakhala pakhonde ngati akusankha nyemba, maso ali kutsidya. Anaona mmene ankaikira dzanja pansi pa nthiti za kumanja, mofatsa, ngati munthu amene wabisa kanthu m'bulauzi. Anaona kuti asanakhale pansi ankayamba agwira felemu ya chitseko. Ndipo ukawafunsa mmene adzukira, ankaseka kaye kuseka kwa m'mphuno, n'kunena kuti: "Palibe kanthu, ndi mphepo chabe."

M'mawa wina wa Lachinayi anapeza zitenje zake zonse zili m'beseni momwe anazinyika dzulo lake. Pachingwe cha onse panali chitenje cha Amake Chisankho, chofiirira, chojambulidwa makiyi abuluu. Pa poloti paja ankabwerekana chilichonse, sefa, mbaula, ngakhale nsapato zopitira kumaliro, kawirikawiri osapempha n'komwe. Koma nsalu ya munthu wodwala satenga mwakachetechete, ndipo zimenezo Mirriam ankazidziwa monga aliyense amazidziwira. Anayang'ana khomo lotseka lija, anayang'ana dzuwa, n'kuchikoka pachingwe.

Chinkamveka utsi wa makala ndi mafuta okazingira, ndi kafungo kena kamene sopo anakalephera.

Atagona nacho pabedi sanafunikenso kuganiza. Analowa mtsikana wina wochepa thupi, kachipangizo komvera mtima kali pakhosi, anapereka moni mwaulemu n'kufunsa chimene chawabweretsa kuchipatala. Dzanja la Mirriam linapita lokha pansi pa nthiti. Kuseka kuja kunatuluka m'mphuno mwake.

"Palibe kanthu, mwanawe. Ndi mphepo chabe."

Mtsikanayo anasiya kulemba, n'kukokera mpando pafupi. Pambali pa katani, Bambo Peterson anagwedeza mutu.

Kuyambira pamenepo chitenje cha makiyi chinkachoka pachingwe Lachinayi m'mawa n'kubwerera masana. Mirriam anasanduka wodwala amene aphunzitsi ankamulimbirana. Latif ankamutcha bwana wa wodi, ankati tsiku lina adzamugoneka zenizeni n'kumuika diripi. Mirriam ankaseka nawo, ankavula pampopi ngati anzake, n'kupita kwawo.

Lachinayi lina mnyamata wina anamufunsa ngati akudya bwino. Mirriam anayankha kuti chakudya ndiye chinamukana kalekale, koma tsopano ngakhale madzi akumveka ngati wanyambita msomali wadzimbiri. Mawu amenewo sanali m'zimene Bambo Peterson anamuphunzitsa. Sanawamvenso kwa munthu aliyense. Anangotuluka. Loweruka lake, akutunga madzi pakiyosiki, anamva munthu akulavula kumbuyo kwake. Anali Amake Chisankho, kapu ili m'manja.

"Madzi a masiku ano atani kodi? Akumveka ngati wanyambita msomali wadzimbiri."

Azimayi anaseka, wina n'kuyamba kudandaula za mapaipi akale. Ndowa ya Mirriam inadzaza n'kuyamba kutayikira pamapazi pake, iye osaona, mpaka wogulitsa madzi anachita kumukodola.

Sabata yotsatira inali yophunzira kugwira pamimba. Manja ambiri anadutsa pa iye, ena ozizira, ena onjenjemera. Mnyamata wina wamtali anasindikiza pansi pa nthiti za kumanja, n'kuima. Anasindikizanso. Ululu umene Mirriam anamva sunali wosewera.

"Dokotala, pano pali chinthu cholimba."

Dokotala wamkulu amene ankawayesa sanadzutse n'komwe mutu. "Awa si odwala, mnyamata iwe. Nena zimene ukanapeza akanakhala odwala."

"Koma chilipodi, bwana."

Mirriam atavula pampopi, Bambo Peterson anamugoneka pabenchi n'kumugwira okha pamalo pomwepo, mosamala, mobwereza. Pamimba panali pofewa ngati pa mwana.

"Ana a masiku ano amapeza zimene awerenga," anatero. Koma maso awo anakhalitsa pa chitenje chija, chimene Mirriam anali atachipinda n'kuchiika pambali.

Madzulo ake Mirriam anachichapa ndi sopo wambiri, anachisita, n'kuchipinda bwinobwino. Mawa lake anakagogoda kutsidya. Amake Chisankho anali chigonere pamphasa pabalaza, pakati pa makatoni a mbale ndi nsalu za ukwati. Maso awo anali atayamba chikasu.

"Ndabwera kudzapepesa, Amake Chisankho. Ndakhala ndikutenga chitenje chanu osakuuzani."

"Ndikudziwa. Khalani pansi, Make Pemphani."

Mirriam anangoima, nsalu ili m'manja.

"Mukuganiza kuti chimapezeka pachingwe Lachinayi lililonse mwangozi? Ndimachiyanika ndekha, Lachitatu dzuwa likamalowa."

Apa Mirriam anakhala pansi.

"Tsiku loyamba lija," anapitiriza Amake Chisankho, "ndinangoona thupi lapepuka. Ndinati kapena ndafa osadziwa. Ndinasesa pabwalo ponse, ndinadya mbatata mpaka kunyambita zala. Belu la kuparishi la masana litangolira, chinthu chija chinabwerera pamalo pake ngati mwana wochokera kusukulu. Ndikuti ndiyang'ane pachingwe, chitenje palibe. Sabata inayo chimodzimodzi. Ndiye ndiuzeni, mumapita nacho kuti?"

Mirriam ananena zonse: za bedi ndi katani, za ana a majasi oyera, za mmene ankakhalira pakhonde kusankha nyemba zosankha kale. Ananenanso za msomali. Ankayembekezera kuti amutchula mfiti, poti pa Chinsapo anthu anasamutsidwapo pa nkhani zochepa kuposa iyi. Koma mayiwo anangomvetsera, dzanja lili pansi pa nthiti.

"Ndiye anawo akuti ndi matenda anji?"

"Sananene. Anena Lachinayi likubwerali. Ndi tsiku la mayeso omaliza, ophunzira kuuza munthu zotsatira."

"Zabwino kapena zoipa?"

Mirriam anayang'ana makatoni a mbale. Panja ana ankamenya mpira wa mapepala pakhoma la bafa.

"Chabwino," anatero Amake Chisankho. "Nanga masana mumatani kuti chizibwerera kuno?"

Anawafotokozera za mpopi wa pansi pa mango, za kutchula dzina, ndi za kuyankha kwa anzake. Mayiwo anatseka maso n'kuyamba kulankhula.

"Chisankho akukwatiwa Loweruka la sabata yamawayi. Bambo ake kulibe. Pazithunzi padzaoneka mayi atagwira chitseko, maso achikasu, anthu n'kumanong'onezana kuti pakhomo pano tibweranso posachedwa kudzakhala pa zina. Sindikupempha kuchira, Make Pemphani, ine si mwana. Ndikupempha kuimirira. Lachinayi limenelo musavule. Mundisungire mpaka ukwati upite. Lolemba mudzandibwezere katundu wanga."

Mirriam anati zinthu sizikhala choncho. Anati chofunika n'kupita kuchipatala chachikulu, iye yemwe awaperekeza, akudziwana ndi anthu tsopano.

"Tidzapita Lolemba lomwelo," anavomera mayiwo, ndipo ndi chala chimodzi anakankhira chitenje chopindacho kumbali ya Mirriam.

Mirriam anayang'ana mphasa imene mayiwo anagonapo. Inali yomwe ija ankabwera nayo kunyumba kwake, yothothoka pakona. Anatola chitenje n'kutuluka.

Lachinayi la mayeso kunacha kotentha, mitambo ya mvula yoyamba itangoima kumwamba osagwa. Tsiku limeneli panalibe kugona pabedi. Anamukhazika Mirriam pampando, mpando wina uli patsogolo pake, ndipo belu linalira.

Woyamba anazungulira, anayamba ndi za kutentha kwa kunja, nthawi n'kumuthera asanafike pankhani. Wachiwiri anakhuthula zonse m'Chingerezi mothamanga, kenako anakumbuka n'kuyamba kumasulira akutuluka thukuta. Kenako analowa mtsikana wochepa thupi uja. Anakhala pansi, anagwira dzanja la Mirriam ndi manja ake onse awiri.

"Mayi, zotsatira zabwera, ndipo sizili bwino. Ndi khansa ya chiwindi, yafalikira. Tingathe kuchepetsa ululu, koma kuchiza sitingathe."

Mawuwo Mirriam ankawadziwa. Anawamva pokonzekera, anasekapo nawo ndi Latif. Koma tsiku limeneli analowa penapake pamene sanalowepo, n'kukhala. Anafunsa zimene anauzidwa kuti afunse, zoti watsala ndi nthawi yaitali bwanji, ndipo mtsikanayo anati palibe angadziwe. Belu linalira. Analowa wina n'kunena zomwezo. Belu linalira. Analowanso wina. Pofika kumapeto Mirriam sankaonanso nkhope, ankangoona majasi oyera akusinthana pampando, aliyense atabwera ndi imfa yomwe yomweyo n'kumusiyira pamiyendo, pamakiyi abuluu paja.

Belu lomaliza litalira, odwala aganyu anatuluka akusekerera. Linali tsiku lotsekera, sukulu sidzawafunanso mpaka chaka chamawa. Mirriam anati akudutsa kaye kuchimbudzi. Anazungulira kuseri kwa khitchini n'kulunjika kugeti.

"Achemwali! Mukuthawa ndi katundu wa eni ake?"

Anali Latif, akuthamanga ndi miyendo yonse iwiri, madzi akuchucha kumaso. Ankaseka. Ataona nkhope ya Mirriam anasiya. Mirriam anamuuza mwachidule za chitenje ndi za ukwati, ataima pamthunzi wa mpanda.

"Nsalu ya wodwala, inuyo? Ndipo zonse zija zanenedwa m'katimo mwazimva mutaivala?"

"Mpaka Lolemba lokha."

"Tchulani dzina pompano, ndiyankha ine. Madzi ali kumaso kwangawa akwana."

"Lolemba, a Latif."

Latif anapukuta kumaso ndi chikhatho, anayang'ana kumene kunali mpopi, anayang'ananso Mirriam.

"Shopu yanga ili ku Mchesi, kuseri kwa okhoma zidebe. Mukafunse telala wa sitiroko, aliyense akakulozerani. Musachedwe, achemwali. Zinthu zobwereka zimazolowera pakhomo."

Ali m'minibasi, dzuwa linafika paliwombo n'kupendeka. Mirriam anadikira kuti chinthu chija chichoke monga chinkachitira nthawi ngati imeneyi. Sichinachoke. Chinakhala pansi pa nthiti, cholemera, chofunda, ndipo minibasi ikagunda dzenje chinkatembenuka pang'ono. Atatsika anayenda pang'onopang'ono m'njira ya fumbi. Asanalowe pa poloti anamva munthu akuimba nyimbo ya kwaya. Amake Chisankho anali atakwera pampando, akumangirira makatani atsopano pazenera, zikhomo zili pakamwa.

Ukwati unali wabwino. Anthu mpaka lero amaukamba. Amake Chisankho anavina kuchokera pakhomo la holo mpaka kutsogolo, anavina ndi apongozi, anavina ndi anyamata operekeza, nsapato atazigwira m'manja. Azimayi a mpingo ankaimba nthungululu n'kumauzana kuti Mulungu ndi wamkulu, munthu uja tinkamuwerengera masiku si uyu? Chisankho ankalira ndi chimwemwe mpaka zodzola kumaso zinasungunuka. Mirriam anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, mbale ya mpunga ndi nkhuku ili pamiyendo osaikhudza. Anayesa kumwa Fanta. Anamubweza m'botolo mwakachetechete.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anagona akumva kutsidya anthu akutsuka mapoto a ukwati, mawu a Amake Chisankho ali pamwamba pa onse.

Lolemba m'mawa anadzuka movutika. Anavula chitenje cha makiyi, anachipinda, n'kuvala chake. Potuluka dzanja lake linagwira felemu ya chitseko, ndipo anaona kuti lagwira. Amake Chisankho anali pakhonde pawo, mbaula ikuyaka, mafuta akuwira, manja onse awiri ali m'beseni la ufa wa zitumbuwa. Masaya anali atayamba kubwerera. Maso anali oyera.

Mirriam anaima patsogolo pawo, n'kupereka nsaluyo ndi manja awiri.

"Ndabwera ndi katundu wanu."

Mayiwo sanadzutse mutu. Chitumbuwa china chinayamba kuda m'mafuta, iwo osachitembenuza.

"Make Pemphani," anatero motsitsa, "Chisankho ali ndi pakati. N'chifukwa chake tinafulumiza ukwati. Sindinauze munthu aliyense." Misozi inagwera m'beseni. "Ndingomuona kamodzi kokha, mdzukulu wangayo. Ndingomunyamula. Ikamatha mvula akhala atabadwa."

"Inenso ndili ndi mwana, Amake Chisankho."

"Ndikudziwa."

"Munati Lolemba."

"Ndinatero." Ankalira tsopano osabisa, mapewa akugwedezeka. Koma manja sanatuluke m'beseni.

Mirriam anawerama n'kuika chitenjecho pakhomo pawo, pafupi ndi mapazi awo. Anaima pang'ono, kudikira. Palibe chinachoka. Nsaluyo inangokhala nsalu, yofiirira, ya makiyi, phulusa la mbaula likugwerapo.

Panjira yopita kusiteji anayesa kukwiya koma mkwiyo sunabwere. Akanakhala iye pabeseni paja, manja ake akanatuluka? Sanadziwe. Chimene ankadziwa n'chakuti Pemphani anaimba foni kuti abwera pa Khirisimasi, ndipo anati amayi mundiphikire nyemba zija za kwathu. Ankadziwanso chimene chichitike ku Chinsapo iye akakatchula dzina lake ku Mchesi: mayi uja agwira felemu ya chitseko, mafuta akadali pamoto. Anaganiza zimenezi ulendo wonse wa m'minibasi, ndipo sanatsike.

Ku Mchesi kunali phokoso la nyundo pamalata, ndi moto wa owotcherera ukuthetheka m'mbali mwa msewu. Anafunsa telala wa sitiroko, ndipo wokhoma zidebe wina analoza ndi nyundo osasiya kukamba nkhani yake. Kashopuko kanali kakang'ono, kamdima pang'ono, mayunifolomu a ana asukulu atapachikidwa pawaya. Latif anali pamakina, tepi ili pakhosi. Anadzutsa mutu n'kumwetulira kumwetulira kwa makasitomala.

"Fikani, mayi. Mwabwera kudzasoketsa kapena kudzatenga?"

"Ndine, a Latif. Lero Lolemba."

Makina anaima. Latif anaimirira pang'onopang'ono. Sananene nthabwala. Anatenga botolo la madzi pansi pa tebulo n'kumuthira m'manja, ndipo Mirriam anasamba kumaso pakhomo pomwepo. Madzi ena anafika pamilomo, ndipo anamva msomali. Anadziwongola mmene akanathera, anachotsa dzanja pansi pa nthiti, n'kunena mokweza monga ankachitira pansi pa mango:

"Ndine Mirriam wa ku Chinsapo, sindikudwala."

Latif anamuyang'ana m'maso, monga mwa lamulo. Anakankhira pambali nsalu imene inatchinga pazenera kuti kuwala kulowe, anayandikira, n'kuyang'ananso, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Panja nyundo zinkapitirira.

"Yankhanitu, a Latif."

"Ndikuyesetsa, mayi," anatero ndi mawu aang'ono. "Mawuwo ndi a achemwali anga aja, ndikuwamva. Koma amene waima apayu sindinamuonepo. Nditha kunena kuti takuonani, koma likhala bodza."

Mirriam anafuna kubwereza dzina lake. Mpweya unamuchepera. Dzanja lamanja linabwerera pamalo pake pansi pa nthiti, lamanzere n'kutambasuka kufunafuna felemu ya chitseko. Latif anachotsa msanga mulu wa nsalu pampando.

"Khalani pansi, mayi, mugwa. Chikukupwetekani n'chiyani?"

Kuseka kuja kunatuluka m'mphuno mwake, kofatsa, kwaulemu. Ndipo Mirriam, kwinakwake m'katimo, ankadziwa kale chimene pakamwapo payankhe.